Ng'ombe za Dada zili m'khoma

Amene anandilakwira ndi agogo anu, a Wyson, mkulu wanga wa bere lina. Anandinamiza kuti ndiperekeze Dada, bambo athu, kuchipatala ku Boma, ine nditangokhota pamsewu iwo anatola ng'ombe zonse za dongo zimene Dada anaumba n'kukazithira m'dzenje lopondera dothi la njerwa. Ndayamba ndi zimenezi kuti musavutike kufufuza. Tchuthi chonsechi mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimakanira kulowa m'nyumba ya malata mukugonamoyo, ngakhale mvula indipeze pakhonde. Ndiye ndikulemberani, m'Chichewa chanu cha ku Lilongwecho, poti Chitumbuka mumangodziwa yewo basi, ameneyonso mumamutchula ngati mwalumidwa ndi linthumbu.

Iwe Tiwonge, uleke kuseka ukamanditchula kuti agogo. Ndikudziwa kuti ndili ndi zaka 28, ndevu zanga n'zowerengeka ndipo ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Koma Dada anakwatira akazi atatu. A Wyson ndi oyamba kubadwa kwa mayi wamkulu, ine Malizgani ndine womaliza wa mayi wamng'ono, ndinabadwa Dada imvi zili mbuu. Mdzukulu wa mkulu wanga ndi mdzukulu wanga. Ufune usafune, ndine gogo wako, ndipo ukandipatsa madzi uzigwada.

Chibaya chija mumaseweramo mpira, khola la ng'ombe limenelo, sichinali bwalo. Ine ndinachipeza chikutha, koma akuluakulu amati kale ng'ombe zikamatuluka m'mawa fumbi limaoneka uli kutsidya la dambo. Munthu sumadya nsima youma pano. Chambiko chimakhala m'chiphanda nthawi zonse, mkaka wowawasa woti ukaudya ndi mkute umatha kukhala kuubusa mpaka dzuwa kupendeka osamva njala. Inu mumamwa zotsekemera za m'timabotolo zija n'kumati mwadya mkaka. Iwe Wongani ndinakupatsa chambiko tsiku lija unathamangira kuseri kwa nkhokwe. Ndinakuona.

Ng'ombezo zinapita imodziimodzi. Zina malowolo a azichimwene anga, zina sukulu ya a Wyson, zina matenda a nkhupakupa. Ine ndinasiyira sukulu sitandade sikisi chifukwa zotsalazo zinasowa mbusa, anzanga onse a msinkhu wanga anali atayamba kale kuloza njira ya ku Joni. Yomaliza tinaipha pa maliro a amayi anga. Kuchokera pamenepo m'chibaya munamera bonongwe.

Amayi atamwalira, Dada anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse. Sankadwala. Kudya ankadya, kutchalitchi ankapita okha wapansi, maso ankaona ulusi pa singano. Koma mawu anawathera. Ukawafunsa kanthu ankangoti, "Mbwenu," kutanthauza kuti basi. Ine ndinkati basi, nkhalambayi ikulondola mkazi wake.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, kukuzizira kuja kwa kuno kolowa m'mafupa, ndinabwera kudzadya masana ndipo pampando panalibe munthu. Ndinazungulira mudzi wonse mtima uli m'mwamba. Ndinakawapeza kudambo, buluku atapinda mpaka m'mawondo, ali m'matope. Ndinakuwa poganiza kuti agwa.

"Ukukuwa chiyani ngati wabedwa?" anatero. "Tagwira ichi."

Anandipatsa chibuma cha dongo lakuda. Ndinanyamula mpaka kunyumba ndikung'ung'udza, iwo akubwera pambuyo ndi ndodo yawo. Anakhala pansi m'chibaya, osati pampando, pansi penipeni, n'kuyamba kukanya. Ine chilili, pakamwa yasa. Zala zija ndinkaziona zikulephera kumanga batani la malaya zinkayenda ngati za mnyamata. Anatsina apa linunda linatuluka, anakoka apa khosi, anabaya minga iwiri ya mthethe kukhala nyanga, umodzi anaupinda dala kuti uyang'ane pansi.

"Uyu ndi Joni," anatero. "Ndinamugula ndi thukuta la kumigodi. Nyanga iyi anathyoka pomenyana ndi nkhunzi ya kwa asibweni ako. Ankadana ndi anthu ovala zofiira."

Ana inu, mawu amenewo anali ochuluka kuposa onse amene anayankhula dzinja lonse.

Ng'ombe za dongo si zachilendo. Mbusa aliyense anaumbapo, ifenso tinkaumba n'kumazimenyanitsa mpaka mitu kuduka. Koma za Dada zinali zina. Ankasakaniza katondo kuti ikhale yofiira, makala opera kuti ide, phulusa la zitsononkho pa mawanga oyera. Ikauma ankaipukuta ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka kuwala. Ndipo iliyonse inkatuluka ndi nkhani yake, ngati inali itatsekeredwa m'dongomo. Akuumba Sitima, fule wamkulu wokoka ngolo, anakumbuka ulendo wonse wokatenga matabwa ku Luwawa: goli linathyokera pati, anagona kwa yani, mkazi wa kumeneko anawaphikira nkhowani zanji (inu mumati bowa), ndi mmene nkhungu inawabisira njira mpaka Sitima yekha n'kuwatsogolera. Akuumba Kachande, kang'ombe kakakazi kosabereka, anakumbuka mayina a anzawo onse a kuubusa, anthu oti anafa ine ndisanabadwe, ndi amene ankaba mkaka poyamwa kubere.

Ndinawafunsa tsiku lina, "Dada, zonsezi munkazisunga kuti?"

"Sindinkadziwa kuti zilipo," anatero. "Manja ndiwo akundiuza."

Kenako anayamba kupeka nyimbo. Osati zakale za ingoma zokha ayi, zatsopano, zawozawo, zotamanda ng'ombe ina, zonyoza ina. Ina inali yonyoza ine ndi njinga yanga, ati ndakwera ng'ombe yosabereka yomwa mafuta. Azimayi opita kuchigayo ankaima pampanda n'kumaseka mpaka kutsitsa malichero. Madala anzawo ankabwera kudzatsutsana nawo, wina n'kumati bodza, Sitima sanali ndi banga pamphumi, Dada n'kumati iwe unkamuonera kumbuyo chifukwa unkamuopa. M'chibaya munadzadzanso. Anamanga kampanda ka timitengo pakati, denga la udzu pamwamba kuti mame asazinyowetse.

Chaka chotsatira, nthawi youmba njerwa, a Wyson anabwera ndi galimoto kudzamanga nyumba yofikira. Anabwera ndi anzawo awiri a kumpingo wa ku tauni, ovala majekete. Anawapeza Dada ali chikhalire m'fumbi, matope mpaka m'zigongono, akuimbira ng'ombe yadothi. Ndinaiona nkhope ya agogo anu ikusintha. Alendo aja anamwetulira mwaulemu, kumwetulira kuja kumapweteka kuposa kutukwana.

Madzulo ake, alendo atapita, a Wyson anakagwada pakampanda paja. Musaiwale kuti iwonso anawetako asanapite kusukulu. Anayamba kuloza.

"Uyu ndi Joni. Uyu Sitima. Aka ndi Kachande." Mawu awo anafewa, ine mpaka ndinati zinthu zikhala bwino. Kenako analoza pakona pamene panali ng'ombe zisanu zoima pazokha, zonenepa, zokongola kuposa zonse, ina yoyera mbee ya makutu akuda. "Nanga izi? Izi sindikuzidziwa."

"Sungazidziwe," anatero Dada.

"Zinabwera ine nditachoka?"

"Sizinabwere. Zili m'njira."

"Zikuchokera kuti, Dada?"

Dada anangoseka n'kupitiriza kupukuta. Mukuwadziwa mmene amachitira akafuna kukuzunza.

A Wyson anandikokera kuseri. "Malizgani, iwe ukukhala ndi munthu wodwala osadziwa. Dada abwerera ku ubwana. Akuona ng'ombe zimene sizinakhaleko. Mawa adzazitsatira kutchire."

"Akulu, Dada ali bwinobwino."

"Iwe unaphunzira udokotala kuti? Pa siteji ya kabaza?"

Magazi anandikwera, koma ndinameza. Kuno mng'ono sayankha mkulu wake wa msinkhu wa bambo ake. Atandiuza patapita masiku kuti nditenge Dada akayezetse kuthamanga kwa magazi ku Boma, ndinavomera ndi mtima woyera. Ndinawaveka jekete ziwiri, ndinawamangirira kumsana kwanga ndi chitenje ngati khanda, iwo akutukwana njira yonse kuti Sitima ankayenda bwino kuposa chitsulo changachi.

Kuchipatala tinalowa kwa dokotala wina wachitsikana, wa Chichewa chosalala cha chigawo chapakati. Anayang'ana dzina n'kunena kuti, "Eya, ndinu aja a Wyson anandiimbira kuti agogo asokonekera mutu?"

Ana inu, ndinamva ngati wina wandithira madzi a m'dambo kumsana. Dada anandiyang'ana. Sanakalipe. Anangondiyang'ana ngati akufunsa kuti nawenso, ndipo kuyang'ana kumeneko sindidzakuiwala.

"Dada, ndapota, ine sindimadziwa," ndinatero.

"Khala pansi," anatero. Kenako kwa dokotala uja, "Funsa, mwana wanga. Kwanu n'kuti?"

"Ku Dowa, agogo."

"Ndinadutsako wapansi. Anthu ake abwino, koma ndiwo amathira mchere ngati akulipira msonkho."

Mtsikana uja anaseka. Anawafunsa tsiku, mwezi, kumene tili, mayina a ana awo. Anatchula onse, a nyumba zitatu, ndi amene anamwalira omwe, mpaka iye anati zakwana. Kenako anati, "Ndikuuzani zinthu izi, muzisunge, ndikufunsaninso: mpando, nthochi, mvula, singano."

"Zinthu zosiyana chonchi sizigona khola limodzi," anatero Dada. "Dikira ndizimange."

Anatseka maso pang'ono, n'kuyamba kugogoda ndodo pansi:

"Mvula yandipeza pampando,
nthochi yanga ili m'manja,
mkamwini wabwera kudzapempha singano,
akasokere buluku long'ambika kumbuyo."

Dokotala anawayeza magazi, anawaunika m'maso, anawayendetsa uku ndi uku, anacheza nawo za fodya ndi mitengo ya feteleza. Atawafunsanso zinthu zija, Dada anaimirira n'kuimba nyimbo yonse akuponda pansi ngati pa ingoma, mpaka anthu a pamzere anasuzumira pakhomo. Anawonjezeranso ndime ina ya dokotala wa ku Dowa.

"Achimwene," anatero mtsikana uja kwa ine akupukuta misozi ya phwete, "ine sindikupeza vuto. Kuiwala pang'ono aliyense amaiwala. Kodi kunyumba amatani?"

"Amaumba ng'ombe."

"Asiyeni aziumba."

Pobwerera ndinathamangitsa njinga mtima ukuwira, ndikukonza mawu oti ndikawauze a Wyson. Sindinkadziwa kuti bodza la kuchipatala linali laling'ono. Titafika, Dada anatsika n'kulunjika kuchibaya monga mwa masiku onse. Ndinawaona ataima pakhomo, ndodo ili m'mwamba, osaiponda pansi.

Munalibe kanthu. Kampanda kazulidwa, kadenga kali uko, pansi pasesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka.

Ndinathamangira kwa amuna amene ankaumba njerwa za nyumba ya a Wyson. Palibe anandiyang'ana kumaso. Mmodzi anati, "Bwana anati tithire m'dzenje, ati ndi dothi labwino likungowonongeka. Ife ndi aganyu, achimwene." Dongo losawotcha likalawa madzi limasungunuka ngati mchere. Anali ataponda kale, ataumba kale. Njerwa zinali ndandanda padzuwa, zonyowa, zina zili ndi mizere yofiira, zina timadontho toyera ta phulusa. Ndinawerama pa ina. Munga wa mthethe unatulukira pakona, wopindikira pansi. Nyanga ya Joni.

Sindikudziwa kuti khasu linafika bwanji m'manja mwanga. Ndimangokumbuka ndikupita kumene kunali galimoto, anthu akukuwa, kenako dzanja linandigwira pamkono. Ndinayesa kulikutumula, linakana. Ndinacheuka ndikuganiza kuti ndi mmodzi wa aganyu aja. Anali Dada. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, dzanja ngati chingwe cha chikopa.

"Ukufuna ndiike ana awiri, wina m'manda wina m'ndende?" anatero. "Ponya pansi. Kudambo dongo silinathe."

Ndinaponya. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, pamaso pa aganyu.

A Wyson sanapepese. Anati anachita zimenezo kuti Dada achire, zidolezo ndizo zinkawakokera ku misala. Za dokotala anati ndi kamtsikana kongotuluka kumene kusukulu. Ndipo ananena chimene anabwerera: Loweruka anyamuka ndi Dada kupita ku Lilongwe, akakhale m'nyumba ya mpanda, ya geti lokhoma, koti sangapite kudambo. Inu mukuidziwa nyumbayo, ndi yabwino. Koma munthu amene bambo ake anaikidwa m'manda pambali pa chibaya, iyenso malo ake anasonyeza kale pomwepo, ukamutsekera kuseri kwa geti ndiye kuti wamuika m'manda akupuma.

Ndinapita kukawatenga ankhazi, mlongo wawo wa Dada, a NyaTembo, aja amakutsinani masaya n'kukununkhitsani fodya wamphuno. Anati nkhaniyi ikambidwe Loweruka lomwelo m'chibaya, galimoto isanalire.

Masiku apakatiwo Dada ankalawirira kudambo. Ine ndinkayembekeza kuti ayambanso ndi Joni. Ayi. Anaumba zisanu zija zokha, zosadziwika zija, ndipo ulendo uno zinakongola kuposa poyamba. Ndinawachonderera.

"Dada, ndapota chomene, umbani Sitima. Izi ndi zimene akukunenerani kuti mwapenga."

"Iwe yendetsa njinga," anatero. "Za ng'ombe unazisiya."

Loweruka anthu anakhala m'chibaya, amuna uku, amayi uko. Dada anabwera ndi lichero, n'kuziimika zisanu zija pakati, zisanaumitsitse n'komwe. Mtima wanga unagwa. A Wyson anayankhula nthawi yaitali, mwaulemu, za chisamaliro ndi zipatala za ku tauni. Pomaliza analoza.

"Ankhazi, inu munakulira pano. Ng'ombe izi munazionapo m'chibaya muno?"

Ankhazi anaziyang'anitsitsa, anafwenkha fodya. "Ayi. Sindinazionepo."

"Mwamva nonse. Dada, tauzani anthu, ng'ombe izi zinalipo?"

"Sizinakhaleko," anatero Dada.

Anthu anang'ung'udza. A Wyson anatambasula manja ngati mlandu watha.

"Ndikudziwa kuti sizinakhaleko, Wyson, n'chifukwa chake ndaziumba. Zimene zinalipo ndikudziwa kumene zinapita. Joni anapita kwa apongozi ako, ndiye anakubweretsera mkazi. Sitima ndinamugulitsa chaka chimene unapita kusekondale, ndinabwerako kumsika ndikulira, goli lili paphewa. Sindikudandaula, ng'ombe ntchito yake ndi imeneyo. Aliyense wa inu anatuluka pachipata ichi ndi zake." Anatembenuka n'kundiloza ndi chibwano. "Uyu yekha. Uyu ndiye anaweta zomaliza, anasiya sukulu chifukwa cha izo, koma pofika msinkhu wokwatira anapeza bonongwe. Zakale zija ndinaumba chifukwa ndimazikumbuka. Izi ndinaumba chifukwa ndimamukumbuka iyeyu. Ndi malowolo a Malizgani. Zamoyo ndilibe, ndiye ndinati ndione ndi maso anga mmene zikanaonekera. Yoyerayi ndi ya amayi ake a mtsikanayo, aliyense amene adzakhale."

Chaka chathunthu ndinkazidutsa ng'ombe zimenezo m'mawa uliwonse, ndikuziseka mumtima, osadziwa kuti ndi zanga. Ndinkaganiza kuti palibe anaona chimene ndinataya. Ndinkaganiza kuti Dada anaiwala.

Ankhazi anamina m'chitenje. "Ngati uku ndiko kupenga," anatero, "ndiye tonse tikadapenga chonchi, mudzi ukanakhala bwino. Mlongo wanga sachoka pano."

Galimoto inabwerera ku Lilongwe ndi matumba a chimanga ndi nkhuku ziwiri, koma Dada anatsala. Zimenezo mukuzidziwa, chifukwa dzulo lomweli Dada anakuphunzitsani kupinda munga, ndipo iwe Wongani ng'ombe yako inaoneka ngati galu wa mimba. Joni ndi Sitima anabwereranso, mwawaona. Koma oyamba aja anawotchedwa mu uvuni pamodzi ndi njerwa zina, ndipo nyumba inamangidwa. Chipinda mukugonacho, pansi pa pulasitala, muli ng'ombe. Agogo anu musawade, ndi agogo anu, ndipo ndinaona maso awo atafiira tsiku lija. Muziwapatsa ulemu. Ine ndiye sindilowamo.

Loweruka lija, a Wyson asanakwere galimoto anayesanso kamodzi. Anati, "Dada, ganizani bwino, mwezi wamawa ndibweranso kudzakutengani." Apo ndiye ndinaimirira. Ankhazi anandikoka buluku, sindinamve. Ndinapita mpaka pamaso pawo, ine amene chibadwire sindinawayang'anepo m'maso, manja ndinaika kumbuyo kuti asachite zawo, ndipo ndinati:

"Akulu, ng'ombe zamoyo munadya ndinu, ine sindinatsegule pakamwa. Zanga zinali zadothi, nazonso mwamangira nyumba. Gonani bwino m'menemo. Koma tsiku limene mudzabwere kudzatenga Dada, muyambe mwagumula khomalo njerwa imodziimodzi, mundibwezere ng'ombe zanga."